Malo Okumbukira Msasa wa Dachau

Malo Okumbukira Msasa wa Dachau, omwe m'Chijeremani amatchedwa KZ-Gedenkstätte Dachau, ndi malo a chikumbutso ndiponso ophunzirirapo mbiri, ndipo ali pamene panali ndende yozunzirako anthu ya boma la chipani cha Nazi. Ali m'tauni ya Dachau, m'chigawo cha Bavaria kummwera kwa Germany, pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Munich. Ndendeyi inagwira ntchito zaka 12, kuyambira pa 22 Malichi 1933 mpaka pa 29 Epulo 1945, tsiku lomwe asilikali a ku America anaimasula. M'zaka zimenezo anthu oposa 200,000 ochokera m'mayiko oposa 40 anatsekeredwa mumsasa waukulu ndi m'misasa yake ing'onoing'ono pafupifupi 140, ndipo osachepera 41,500 anafera momwemo ndi njala, matenda, ntchito yakalavulagaga, kumenyedwa, kuwomberedwa kapena kunyongedwa.

Malowa anatsegulidwa kwa anthu mu Meyi 1965. Masiku ano amalandira alendo pafupifupi 1 miliyoni pachaka, ambiri mwa iwo ana asukulu. Kulowa n'kwaulere. Alendo ambiri amayenda m'magulu otsogoleredwa ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyi, ndipo ulendo wotere umatenga maola awiri ndi theka.

## Mbiri ya msasawu

Adolf Hitler anakhala nduna yaikulu ya Germany pa 30 Januwale 1933. Pasanathe miyezi iwiri, Heinrich Himmler, yemwe panthawiyo ankatsogolera apolisi a mu Munich, analengeza kwa atolankhani kuti pafupi ndi Dachau patsegulidwa msasa wosungiramo anthu otsutsa boma. Anasankha nyumba za fakitale yopanga wonga ndi zipolopolo yomwe inasiya kugwira ntchito Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse itatha. Oyamba kulowamo anali a chipani cha Chikomyunizimu, a chipani cha Social Democratic ndi atsogoleri a mabungwe a apantchito. Anthuwa sankatengeredwa kukhoti. Ankangogwidwa pansi pa lamulo lomwe boma linkalitcha kusunga munthu pofuna chitetezo, ndipo palibe ankauzidwa tsiku lodzatuluka.

Gulu la SS linatenga ulamuliro wa msasawu pa 11 Epulo 1933. Tsiku lotsatira alonda anawombera akaidi anayi Achiyuda, Rudolf Benario, Ernst Goldmann, Arthur Kahn ndi Erwin Kahn, n'kunena kuti ankafuna kuthawa. Woimira boma pamilandu ku Munich, Josef Hartinger, sanakhulupirire zimenezo ndipo anatsegula milandu yakupha, koma mafailo ake anakwiriridwa.

Theodor Eicke, yemwe anakhala mkulu wa msasawu mu Juni 1933, ndiye analemba malamulo a zilango ndi a alonda amene pambuyo pake anagwiritsidwa ntchito m'misasa ina yonse. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri amati Dachau inali sukulu ya nkhanza. Rudolf Höss, yemwe anadzakhala mkulu wa msasa wa Auschwitz, anayambira ntchito yake kuno mu 1934. M'kupita kwa zaka munalowanso a Mboni za Yehova, anthu a mitundu ya Sinti ndi Roma, amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndi ena amene boma linkawatcha osafunika pakati pa anthu. Pambuyo pa zipolowe zoukira Ayuda za pa 9 ndi 10 Novembala 1938, amuna Achiyuda oposa 10,000 anabweretsedwa kuno m'masiku ochepa. Nkhondo itayamba, akaidi ochokera kunja anachuluka kuposa Ajeremani, ndipo gulu lalikulu linali la ochokera ku Poland.

Kumapeto kwa nkhondo msasawu unadzaza mopitirira muyeso ndipo munabuka matenda a typhus, ofalitsidwa ndi nsabwe. Pa 26 Epulo 1945 a SS anatulutsa akaidi pafupifupi 7,000 n'kuwayendetsa wapansi kulowera kummwera, ndipo ambiri anafera panjira. Patapita masiku atatu, asilikali a magulu a 42nd ndi 45th a ku America anafika n'kupeza akaidi amoyo pafupifupi 32,000. Kunja kwa mpanda anapezanso sitima yapamtunda yochokera ku Buchenwald muli mitembo yoposa 2,000.

## Mmene malowa anakhalira chikumbutso

Panadutsa zaka 20 kuti malowa akhale chikumbutso, ndipo sizinali zofuna za boma ayi. Poyamba asilikali a ku America anatsekeramo a SS ndi akuluakulu a chipani cha Nazi, n'kuzengeramo milandu. Pamlandu waukulu wa Dachau, womwe unachitika mu Novembala ndi Disembala 1945, oimbidwa mlandu anali 40 ndipo 36 anagamulidwa kuti aphedwe, ngakhale ena anawachepetsera chilango pambuyo pake. Mu 1948 boma la Bavaria linasandutsa nyumba za akaidi kukhala malo okhala Ajeremani othamangitsidwa m'mayiko a kummawa. Mabanja anakhala m'nyumba zimenezo zaka zoposa 15, ndipo pamalopo panali sukulu, masitolo ndi malo omwera mowa.

Akuluakulu ambiri a m'deralo ankafuna kuti nkhani ya msasawu iiwalike. Chionetsero chaching'ono chomwe chinali m'nyumba yootcheramo mitembo chinatsekedwa mu 1953, ndipo mu 1955 mkulu wa boma la Dachau, Heinrich Junker, anapempha nyumba yamalamulo ya Bavaria kuti nyumbayo igwetsedwe. Pempholi linalephereka chifukwa cha mkwiyo wa opulumuka a m'mayiko ambiri. Chaka chomwecho opulumukawo anatsitsimutsa bungwe lawo la Comité International de Dachau, lomwe linakakamiza boma mpaka malowa atatsegulidwa.

Zimenezi n'zofunika kwa mlendo chifukwa zimene amaona lero si msasa wa 1945. Nyumba zogonamo akaidi zinagwetsedwa chifukwa zinali zitaola komanso zitasinthidwa kwambiri. Ziwiri zimene zilipo zinamangidwanso m'zaka za m'ma 1960. Pansi ponse anathirapo timiyala toyera, ndipo malo amene kale munali phokoso, fungo ndi anthu othithikana tsopano ndi bwalo lalikulu laukhondo, lopanda kanthu. Opulumuka ena anadandaula kuti ukhondo umenewu umanamiza, ndipo dandaulo lawo lili ndi mfundo. Ntchito yaikulu ya wotsogolera alendo ndi kudzaza mpata umenewo ndi mawu, zithunzi ndi umboni.

Kuyambira mu 2003 malowa ali m'manja mwa bungwe la boma la Stiftung Bayerische Gedenkstätten, lomwe limayang'aniranso chikumbutso cha ku Flossenbürg.

## Kafikidwe ndi dongosolo la ulendo

Kuchokera pa siteshoni yaikulu ya Munich, mlendo amakwera sitima ya S2 yolowera ku Petershausen n'kutsika pa Dachau, ulendo wa mphindi zoposa 20 pang'ono. Kuchokera pamenepo basi nambala 726 imakafika pakhomo pa malowa. Ena amasankha kuyenda wapansi makilomita pafupifupi atatu potsata njira yotchedwa Weg des Erinnerns, yomwe ili ndi zikwangwani 12 zofotokoza mbiri. Njirayi ikutsata kumene akaidi ambiri ankadutsa akatsitsidwa m'sitima, ndipo imaonetsa chinthu chimene chithunzi sichingaonetse, chakuti msasawu sunali kutchire. Unali m'mphepete mwa tauni, ndipo akaidi ankadutsa pamaso pa nyumba za anthu.

Malowa amatsegulidwa tsiku lililonse kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, kupatula pa 24 Disembala. Munthu akhoza kuyenda yekha powerenga zikwangwani, kubwereka kachipangizo komvetsera komwe kali m'zilankhulo zambiri, kapena kulowa m'gulu lotsogoleredwa polipira ndalama yochepa. Maulendo a magulu amakonzedwera anthu a zaka 13 kupita m'tsogolo, popeza zithunzi zina n'zosayenera ana. Mbali yaikulu ya ulendo imachitikira panja, pamalo opanda mthunzi wokwanira m'chilimwe ndiponso amphepo yozizira kwambiri m'miyezi ya chisanu.

Si aliyense amene amaloledwa kutsogolera gulu. Munthu ayenera kuchita maphunziro a dipatimenti yophunzitsa ya malowa ndi kulandira chilolezo, ngakhale atakhala wa kampani yoona za alendo ya ku Munich. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Nkhani ya misasa imeneyi imakopa anthu okokomeza komanso anthu okana kuti zinachitika, ndipo cholakwa chimodzi cha wotsogolera chikhoza kukhala chida m'manja mwa okanawo. M'zaka zoyambirira otsogolera ena anali opulumuka enieniwo. Wodziwika kwambiri anali Max Mannheimer, Myuda wobadwira ku Czechoslovakia yemwe anadutsa ku Auschwitz ndi ku misasa ing'onoing'ono ya Dachau, ndipo analankhula ndi ana asukulu kwa zaka pafupifupi 30. Iyeyu ndi amene anaitana Angela Merkel, yemwe mu Ogasiti 2013 anakhala mtsogoleri woyamba wa boma la Germany kufika pamalowa ali paudindo. Mannheimer anamwalira mu 2016. Opulumuka amene atsala ndi ochepa kwambiri, choncho umboni wawo tsopano umamveka kudzera m'makanema, m'makalata ndi m'kamwa mwa anthu amene anabadwa nkhondo itatha kalekale.

## Chipata ndi bwalo lofolera

Kuyambira mu 2005 alendo amalowera pamene akaidi ankalowera, panyumba yotchedwa Jourhaus, yomangidwa mu 1936. Pachitseko chake chachitsulo pali mawu akuti Arbeit macht frei, kutanthauza kuti ntchito imamasula munthu. Chitsekochi anachisula ndi mkaidi wachikomyunizimu, Karl Röder, molamulidwa ndi a SS. Chimene chili pachipata lero si chenicheni. Chenichenicho, cholemera makilogalamu pafupifupi 100, chinabedwa usiku mu Novembala 2014, n'kukapezeka pafupi ndi mzinda wa Bergen ku Norway mu Disembala 2016. Chinabwezedwa mu 2017 ndipo chimasungidwa m'nyumba ya chionetsero, mkati mwa galasi.

Munthu akangolowa amafika pa Appellplatz, bwalo lomwe akaidi ankafola m'mawa ndi madzulo kuti awerengedwe. Ankaima chilili, osagwedezeka, kaya kugwe mvula kapena chipale chofewa. Chiwerengero chikapanda kukwana ankaima maola ambiri, nthawi zina usiku wonse. Odwala ndi akufa omwe ankawanyamula kudzawagoneka pamzere kuti nambala ikwane. Otsogolera alendo ambiri amaimitsa gulu lawo pabwaloli kwa kanthawi ndi kuwasonyeza nsanja za alonda, zomwe zinalipo zisanu ndi ziwiri, ngalande, waya waminga wamagetsi ndi kapinga wa m'mphepete mwa mpanda. Mkaidi akaponda pakapinga ameneyo ankawomberedwa popanda chenjezo. Opulumuka anachitira umboni kuti alonda ena ankaponya chipewa cha mkaidi pamenepo n'kumulamula kuti akachitole.

## Nyumba ya chionetsero ndi Bunker

Nyumba yaitali yomwe ili kummwera kwa bwaloli inali ya khitchini, mosungira zovala, mochapira ndi mosambira. Tsopano muli chionetsero chachikulu chomwe chinatsegulidwa mu 2003, ndipo chinakonzedwa motsata njira ya mkaidi. Chipinda choyamba ndi Schubraum, momwe wobwera kumene ankavulidwa zovala, kulandidwa katundu yense ndi kupatsidwa nambala. M'magalasi muli zinthu zina zimene zinalandidwa, monga zithunzi za mabanja, makalata ndi ziphaso. Kenako pali bafa, momwe ankametedwa tsitsi lonse ndi kupakidwa mankhwala oyabwa. M'bafa lomweli a SS ankapereka zilango ziwiri zoopedwa kwambiri. China chinali kukwapula munthu atamugoneka pabenchi yamatabwa, kawirikawiri zikoti 25, iye mwini akuwerenga mokweza m'Chijeremani. China chinali kumumanga manja kumbuyo n'kumupachika m'mikono kwa ola lathunthu mapazi asakugunda pansi, zomwe zinkagulula mapewa. Milandu yake inali yaing'ono, monga batani losowa pamalaya kapena bedi losayalidwa bwino.

Kuseri kwa nyumbayi kuli Bunker, ndende ya mkati mwa ndende, yokhala ndi tizipinda toposa 130 m'mbali mwa khonde lalitali. Nyumbayi ndi yeniyeni, ndipo alendo ambiri amati ndi pomwe amayamba kukhala chete. Muno munasungidwa M'busa Martin Niemöller wa mpingo wa Lutheran, komanso Georg Elser, kalipentala yemwe anatchera Hitler bomba ku Munich pa 8 Novembala 1939 ali yekha. Hitler anachoka pamalopo mphindi 13 bomba lisanaphulike. Elser anaphedwa ku Dachau pa 9 Epulo 1945, kutatsala masiku 20 kuti msasa umasulidwe.

## Nyumba zogona

Msasa umene akaidi anamanga okha mu 1937 ndi 1938 unali ndi nyumba 34 m'mizere iwiri, pakati pali msewu wa mitengo ya popula. Unakonzedwera anthu 6,000. Nyumba iliyonse inali ndi zigawo zinayi za anthu 52, koma pofika 1945 nyumba zina zinali ndi anthu oposa 1,000. M'nyumba imodzi mwa ziwiri zomangidwanso muli mabedi osanjikiza osonyeza nyengo zitatu za msasawu, kuyambira pamene aliyense anali ndi malo ake mpaka pamene mabedi anangokhala mashelefu aatali ogonapo anthu mopanikizana. Nyumba zina 32 zinangotsala maziko a konkire okhala ndi manambala.

Apa otsogolera amafotokozanso za anyapala, omwe mumsasa ankatchedwa Kapo. Anali akaidi opatsidwa mphamvu pa akaidi anzawo. Ena anali ankhanza kuposa alonda, ena anagwiritsa ntchito udindowo kupulumutsa anzawo, ndipo ambiri anali pakatikati. Umu ndi mmene a SS ochepa ankalamulira anthu zikwi zambiri, powagawanitsa.

M'nyumba za chipatala cha msasa madokotala ankayesera zinthu pa akaidi. Sigmund Rascher, pofufuzira gulu la nkhondo la m'mlengalenga, ankaika anthu m'chipinda chochotsedwa mpweya ndiponso m'madzi oundana, ndipo ambiri anafa. Claus Schilling, katswiri wa matenda a m'mayiko otentha yemwe kale anagwirapo ntchito ku Togo ndi ku German East Africa, anapatsira dala malungo akaidi oposa 1,000 kuyambira mu 1942, powalumitsa udzudzu kapena kuwabaya magazi a odwala, kuti ayese mankhwala. Ambiri mwa iwo anali ansembe a ku Poland. Pamlandu wake anapempha khoti kuti limulole kumaliza kulemba zotsatira za kafukufuku wakeyo. Ananyongedwa ku Landsberg mu Meyi 1946.

## Nyumba za ansembe

Kuyambira kumapeto kwa 1940 boma la Nazi linasonkhanitsa ku Dachau atsogoleri a mipingo omwe anali m'misasa yosiyanasiyana. Onse pamodzi anali 2,720, ndipo 2,579 mwa iwo anali Akatolika. Ochokera ku Poland anali 1,780. Amene anafa anali 1,034. Ankagona m'nyumba nambala 26, 28 ndi 30. M'nyumba 26 munali tchalitchi chaching'ono, koma kwa nthawi yaitali ansembe a ku Poland ankaletsedwa kulowamo. Momwemo ndi momwe Karl Leisner, dikoni wodwala chifuwa chachikulu, anadzozedwa unsembe mwachinsinsi pa 17 Disembala 1944 ndi mkaidi mnzake, Episkopi Gabriel Piguet wa ku France. Wansembe wa ku Netherlands, Titus Brandsma, yemwe analimbikitsa nyuzipepala za Chikatolika kukana zolengeza za a Nazi, anaphedwa ndi jakisoni kuno pa 26 Julayi 1942.

Mmodzi mwa ansembe a ku Poland amenewa ndi wodziwika bwino ku Zambia. Adam Kozłowiecki, wa chipani cha Ajezwiti, anamangidwa ku Kraków mu Novembala 1939, anatumizidwa ku Auschwitz mu 1940, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anasamutsidwira ku Dachau, komwe anakhala mpaka tsiku lomasulidwa. Mu 1946 anapita ku Northern Rhodesia n'kuyamba ntchito pa mishoni ya Kasisi pafupi ndi Lusaka. Mu 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka, ndipo mu 1969 anatula pansi udindowo kuti pakhale mwana wa dzikolo, Emmanuel Milingo. Iye anabwerera kukatumikira m'maparishi akumudzi. Papa John Paul II anamusankha kukhala kadinala mu 1998, ndipo anamwalira ku Lusaka pa 28 Seputembala 2007 ali ndi zaka 96. Anali mmodzi mwa opulumuka amene analankhula ku Dachau mu Ogasiti 1960, pamwambo wodalitsa tchalitchi choyamba cha chikumbutso.

Kumapeto kwa msewu wa pakati kuli nyumba zopemphereramo zimene zinamangidwa nkhondo itatha. Tchalitchi cha Katolika cha 1960 chinamangidwa ndi khama la Johannes Neuhäusler, episkopi wothandiza wa Munich yemwenso anali mkaidi. Tchalitchi cha Chiprotestanti cha Chiyanjanitso ndi chikumbutso cha Ayuda zinatsegulidwa mu 1967. Womanga tchalitchi cha Chiprotestanti, Helmut Striffler, anapewa dala makona owongoka, chifukwa msasa wonse unamangidwa ndi mizere yowongoka. Kuseri kwa khoma kuli nyumba ya masisitere a Karmeli ya 1964, yomwe khomo lake linabooledwa pansanja ya alonda, ndipo chapafupi pali kachalitchi kamatabwa ka mpingo wa Orthodox wa ku Russia ka 1995.

## Baracke X

Malo omaliza pa maulendo ambiri ali kutsidya kwa kamlatho, kunja kwa mpanda wa akaidi. Mlathowu unaikidwa chifukwa cha alendo, kale panalibe njira yotere. Kumeneko kuli nyumba ziwiri zootcheramo mitembo. Yaing'ono ndi ya 1940. Yaikulu, yotchedwa Baracke X, inamangidwa mu 1942 ndi 1943 ndipo ili ndi ng'anjo zinayi, zipinda zophera nsabwe m'zovala, ndi chipinda chopheramo anthu ndi mpweya wapoizoni chomwe pakhomo pake analembapo kuti Brausebad, kutanthauza bafa la shawa.

Apa m'pamene wotsogolera alendo amayesedwa kwambiri, chifukwa anthu ambiri amafika ndi chithunzi cha Auschwitz m'mutu. Zimene akatswiri a mbiri amagwirizana n'zakuti chipindachi sichinagwiritsidwe ntchito kupha anthu mwaunyinji monga zinkachitikira ku Auschwitz-Birkenau, Treblinka kapena Sobibor. Pali umboni wa opulumuka wonena kuti munaphedwa anthu mmodzimmodzi ndi timagulu ting'onoting'ono. Dachau unali msasa wozunzirako ndi kugwiritsa anthu ntchito, osati msasa womangidwira kupha basi. Koma kusiyanitsa kumeneku sikuchepetsa mlandu. Akaidi oposa 2,500 amene anaoneka kuti sangathenso kugwira ntchito anatumizidwa ku Hartheim, pafupi ndi Linz ku Austria, n'kukaphedwa ndi mpweya kumeneko. Kuseri kwa Baracke X kunali malo owomberera anthu, ndipo ena ankanyongedwa pamitanda ya denga patsogolo pa ng'anjo. Pakhoma pali chikwangwani chokumbukira amayi anayi a gulu la akazitape la Britain la SOE, Noor Inayat Khan, Yolande Beekman, Eliane Plewman ndi Madeleine Damerment, omwe anaphedwa kuno mu Seputembala 1944. Malasha atasowa kumayambiriro kwa 1945, mitembo inayamba kuunjikana, ndipo ndi imene asilikali a ku America anaijambula.

Malowa amatengedwa ngati manda, popeza phulusa la anthu zikwi zambiri linakwiriridwa m'munda wozungulira nyumbayi. Otsogolera ambiri amafotokozera zonse panja, kenako n'kusiya aliyense kuti alowe yekha ngati akufuna.

## Chipilala ndi mkangano wa mitundu ya nsalu

Patsogolo pa nyumba ya chionetsero pali chipilala cha mayiko onse chomwe chinatsegulidwa mu 1968. Anachipanga ndi Nandor Glid wa ku Yugoslavia, Myuda yemwe makolo ake anaphedwa ku Auschwitz. Ndi chosema chamkuwa cha matupi owonda opiringizana ngati waya waminga. Pakhoma lina pali mawu olonjeza kuti zoterezi zisadzachitikenso, olembedwa m'zilankhulo zisanu.

Mbali ina ya chipilalachi ili ndi tizidutswa ta makona atatu tamitundumitundu, tofanizira tinsalu timene akaidi ankasokerera pamalaya. Kofiira kanali ka andale, kapepo ka Mboni za Yehova, kabuluu ka amene anathawa m'dziko n'kubwezedwa, ndipo Ayuda ankawonjezeredwa kachikasu. Wotsogolera wabwino amafunsa gulu lake mitundu imene palibe. Palibe kapinki ka amuna ogonana ndi amuna anzawo, kobiriwira ka otchedwa zigawenga, ndi kakuda ka otchedwa osafunika, komwe kankapatsidwanso anthu ambiri a Sinti ndi Roma. Bungwe la opulumuka, lomwe ambiri mwa atsogoleri ake anali akaidi andale, linakana kuti mitunduyi iikidwepo. Mwala wa makona atatu wapinki womwe magulu a ku Munich anapanga mu 1985 unadikira zaka 10 usanaloledwe kulowa m'chipinda cha chikumbutso. Nyumba yamalamulo ya Germany inavomereza mu 2020 kuti ovala kobiriwira ndi kakuda nawonso anali ozunzidwa ndi a Nazi. Chipilalacho sichinasinthidwe, ndipo tsopano chimaphunzitsa zinthu ziwiri, mbiri ya msasa ndi mbiri ya kukumbukira kwake.

## Khalidwe la alendo

Malamulo a malowa amapempha kuvala mwaulemu, kusasuta ndi kusadyera pamalo a akaidi, ndipo agalu saloledwa kupatula otsogolera osaona. Kujambula zithunzi zosachitira malonda n'kololedwa, ngakhale nkhani ya anthu odzijambula akumwetulira pachipata kapena patsogolo pa ng'anjo yakhala ikudzetsa mkangano. Ku Germany kuonetsa zizindikiro za chipani cha Nazi, kuchita sawatcha ya Hitler kapena kukana poyera kuti Ayuda anapululidwa ndi milandu, ndipo ogwira ntchito ali ndi mphamvu yotulutsa munthu wochita zotere.

Funso limene limabwera pafupifupi pa gulu lililonse ndi lakuti kodi anthu a m'tauni ya Dachau ankadziwa. Kutsegulidwa kwa msasawu kunalembedwa m'nyuzipepala, ndipo boma linkafuna kuti dzina lake lidziwike n'cholinga choopseza anthu. Hans Beimler, phungu wachikomyunizimu yemwe anathawa mu Meyi 1933, anasindikiza umboni wake chaka chomwecho, ndipo unamasuliridwa m'zilankhulo zina. Amalonda a m'tauni ankagulitsa zakudya ndi katundu ku msasa, ndipo m'nthawi ya nkhondo akaidi ovala zamizeremizere ankagwira ntchito m'mafakitale a m'deralo, kuphatikizapo fakitale ya BMW yopanga injini za ndege ku Allach. Analipo anthu ena amene ankaponyera akaidi buledi kapena kuwatumizira makalata mobisa, koma anali ochepa.

## Malo ena apafupi

Dera lomwe munkakhala ndi kuphunzirira a SS linali lalikulu kuposa la akaidi. Asilikali a ku America analigwiritsa ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo tsopano muli apolisi a Bavaria, choncho alendo salowamo mwachisawawa. Pamtunda wa makilomita awiri kumpoto kuli Hebertshausen, komwe a SS anawombera asilikali a Soviet Union ogwidwa pankhondo oposa 4,000 mu 1941 ndi 1942. Anthuwa sanalembedwe m'kaundula wa msasa, ndipo mayina awo akupezeka pang'onopang'ono n'kumalembedwa pa chikumbutso chomwe chinakonzedwanso mu 2014. Paphiri la Leitenberg pali manda a anthu oposa 7,000, ndipo ambiri mwa iwo anakwiriridwa m'miyezi yomaliza ya nkhondo ndi m'masiku otsatira kumasulidwa kwa msasa. Malo awiriwa sali pa ulendo wa maola awiri ndi theka, ndipo wofuna kukafikako amakonza yekha mayendedwe.